Nsonga Ina ya Chingwe

Chinthu choyamba chomangidwa chimene ndinajambula chinali chipeso. Chinkalendewera pa kachingwe pambali pa galasi mu situdiyo momwe ndinkagwira ntchito, m'kanjira kena kuseri kwa msewu wa Cairo. Mwini situdiyoyo, mmwenye wokalamba wosakonda kuyankhula, anachimanga yekha atatopa ndi kugula zipeso, chifukwa anthu obwera kudzajambulitsa zithunzi za reji, chiphaso cha boma chija, ndi za pasipoti ankapesa bwinobwino, kenako n'kuchiponya m'thumba ngati chawo. Chinali chakuda, chothothoka mano pakati. Tsiku lina masana, kulibe wojambulitsa, ndinachiyang'ana kwa nthawi, ndinatenga kamera, ndinachijambula. Sindinamve kalikonse pochijambula. Masiku amenewo sindinkamva kalikonse pa chilichonse chimene ndinkachita.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, zinthu zitayamba kusowa. Sopo pamzere, shuga pamzere, mafuta ophikira pamzere, ndipo munthu ukaona mzere unkangoimapo kaye, zofunsa kuti akugulitsa chiyani pambuyo. Filimu nayo inkasowa. Mmwenye uja ankagula mpukutu waukulu n'kumadula yekha mumdima, ndipo potsiriza pankatsala kachidutswa kokwana zithunzi zochepa, kamene sakanatuma nako munthu ku ukwati. Tizidutswa timeneti tinkatitcha michira. Michirayo inali yanga, pamodzi ndi kamera yakale imene chivindikiro chake chinkatsekedwa ndi mphira wa njinga.

Ndinkakhala ku Kabwata ndi amayi anga, awiriwiri. Atate anali atamwalira, ndipo mlongo wanga wamkulu anali pa banja ku Chelstone. Amayi anabwera ku Lusaka kuchokera kwathu ku Katete ufulu usanabwere, ali mtsikana wongokwatiwa kumene, ndipo ine ndinabadwira ku Kabwata komweko, m'tinyumba tozungulira taudzu timene atsamunda anamangira antchito awo. Anali munthu wa pakamwa pakuthwa ndi manja osakhala chete. Azimayi ambiri a kwathu mwana wamwamuna akamera ndevu amayamba kumupatsa ulemu, kumati inu. Amayi anga ayi. Kwa iwo ndinali iwe, ndevu kapena opanda ndevu, kaya pali alendo kaya pali abusa. Iwe, nsapato izo panja. Iwe, ukwatira liti? Ndinkadandaula nazo, osadziwa kuti ndikudandaula ndi chuma.

Matenda awo anayamba ndi mchere. Lero ndiwo zopanda mchere, mawa zothiridwa kawiri. Kenako anayamba kusiya poto pamoto mpaka pansi pake kubooka, kuiwala nyimbo za kuchigwirizano cha amayi a kutchalitchi zimene ankayambitsa okha, kufunsa ngati atate abwera kuchokera kuntchito. Tsiku lina ndikulowa m'nyumba madzulo anadzuka pampando, anagwada pang'ono, anati, “Takulandirani, bambo. Mwafuna ndani?” Ndinaseka poganiza kuti akundinyogodola monga mwa masiku onse. Sankandinyogodola. Kuyambira pamenepo ndinakhala inu, bambo waulemu amene amabwera ndi ndiwo madzulo, ndipo ankandithokoza chakudya ndi manja awiri.

Kenako miyendo inayamba. Ulendo woyamba anawapeza ku Woodlands, opanda nsapato, ataima pa geti ya munthu akufunsa wantchito wa m'dimba njira ya ku Katete. Ulendo wina anawatola pafupi ndi njanji, sitima itangodutsa. Mlongo wanga anabwera kuchokera ku Chelstone maso ali psu, ndipo anayankhula zomveka: amayi akangosocheranso, apita ku chipatala cha amisala, kumene kuli mpanda ndi anthu owayang'anira. Sankanena mwankhanza. Anali ndi ana aang'ono ndi mwamuna amene sankafuna apongozi odwala m'nyumba mwake, ndipo ankaopa kudzaitanidwa kuti akazindikire mtembo. Koma ine ndinali nditaonapo mkati mwa mpanda umenewo, ndipo ndinkadziwa kuti amayi akalowako sadzatulukako.

M'mawa wina, mlongo wanga atabwerera, ndinapeza amayi atakhala pakhonde akung'amba chitenje chakale m'litali mwake. Mutu wawo unali bwino tsiku limenelo, ndinaona ndi maso momwe ankandiyang'anira. Anang'ambanso china, analuka zidutswazo patatu ngati tsitsi, kulumikiza, kuluka, mpaka chinakhala chingwe chachitali chofewa. Anandipatsa nsonga imodzi.

“Iwe,” anatero, “miyendo iyi yandipandukira. Uzindimanga ukamapita kuntchito. Mfundo yake ikhale yoti ine ndisathe kumasula. Kuchipatala kuja sindifuna.”

Madzulo a tsiku lomwelo ndinali bambo kachiwiri.

Choncho tinayamba moyo wa chingwe. M'mawa ndinkayala mphasa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, kuika madzi akumwa ndi lichero la mtedza woti aziswa, chifukwa manja awo sanaiwale ntchito ngakhale mutu unaiwala. Nsonga imodzi ndinkamanga ku mtengo, ina pa kakolo pawo. Ndikamanga ndinkalowetsa zala ziwiri pakati pa chingwe ndi khungu kuti ndione ngati sichikuthina, ndipo ndinkadziyesa wanzeru kuti ndinatulukira ndekha njira imeneyi. Chingwecho chinkafika kuchimbudzi ndi pampopi, koma osafika m'nyumba, mmene munali mbaula ndi machesi. Masana ndinkapalasa njinga kubwerera, kuwamasula, kudya nawo, kuwamanganso. Mnansi wathu, mayi wa ku Luapula wogulitsa tinsomba touma ta kapenta, ankasuzumira pa mpanda wa maluwa akakhala pakhomo.

Mlongo wanga atamva anabwera ndi moto. “Munthu si mbuzi,” anatero. Ndinamukumbutsa kuti iye yemwe ankanditcha kambuzi tili ana, chifukwa nditangoyamba kuyenda amayi ankandimanga ndi chitenje akamachapa, kuopa malole a pamsewu wa Burma, ndipo sindinamere nyanga. Sanaseke. Anangobwereza mawu ake aja, kuti tsiku limene adzasocherenso ndiye basi, n'kukakwera basi yake.

Amayi sanalimbanepo ndi chingwecho. Ankakhala pamphasa akuswa mtedza, ndipo kanthawi kalikonse ankachikoka pang'ono, kuyang'ana kumtengo, n'kubwerera ku mtedza wawo. Nthawi zina ndinkawamva akuti, “Usapite kumsewu.” Ndinkati akudzilangiza okha. Ndikanayenera kumva chisoni, kapena manyazi, kapena mkwiyo pa Mulungu. Ndinkafufuza mumtima mwanga ngati munthu wofufuza kiyi m'thumba, osapezamo kanthu. Mtima unali utachita dzanzi. Ndinkadya, kugona, kuuza anthu kuti akweze chibwano ndipo asaphethire, basi.

Mmenemo ndi mmene maso anga anayambira kuona zingwe paliponse. Lusaka ndi mzinda wosakhulupirira munthu, chilichonse chonyamulika chili pa chingwe. Kapu yachitsulo pa unyolo pampopi wa pasiteshoni ya mabasi. Sizasi ya telala yomangidwa ku mashini. Mbuzi kumsika wa kumunsi kwa tauni, itazungulira chikhomo mpaka chingwe chonse kutha, khosi lili pansi, ikudyabe khoko la nthochi ngati palibe vuto. Ku Kabulonga, kumene mmwenye ananditumiza kukajambula phwando la kubadwa kwa mwana wa bwana wina, ndinasiya keke ndi mabaluni kanthawi n'kupita kuseri, kumene galu wamkulu anali pa unyolo wothamanga pa waya. Pansi pa wayayo udzu unali utatha, panali kanjira kofiira kamene galuyo anapanga ndi mapazi ake. Sanauwe. Anandiyang'ana, ndinamuyang'ana, ndinadina.

Mmwenye uja anaona zithunzi zanga zoyamba zikuuma pa waya m'chipinda chamdima, anandifunsa kuti ndani adzagula chithunzi cha chipeso. Ndinati palibe. Anafunsa kuti nanga n'zachiyani. Ndinati sindikudziwa, ndipo sindinkanama. Anagwedeza mutu, sanafunsenso.

Lamlungu lina ndinajambula mwendo wa amayi. Nkhope ayi, mwendo wokha: kakolo kowonda, chidendene chong'aluka, mfundo yanga, makoko a mtedza pamphasa. Anamva kulira kwa kamera, anati, “Zikomo, bambo.”

Zimene ndikufuna kunena zinachitika nyengo ya mvula zoyamba, chaka chija ndege za adani a kumwera zinkabwera kudzaponya mabomba kunja kwa mzinda. Wailesi inkati aliyense akhale maso, akazitape ali pakati pathu. Kujambula mlatho, siteshoni, positi kapena nyumba iliyonse ya boma kunali koletsedwa, ndipo ine monga wojambula ndinkadziwa zimenezi kuposa wina aliyense. M'mawa umenewo mmwenye ananditumiza kukaponya phukusi ku positi ina ya m'tauni. Ndili pamzere ndinaona bolopeni pa kauntala, yomangidwa ndi kachingwe kakuda ndi thukuta la zala, kumutu kwake kotafunidwa. Kachingweko kanali kakafupi, moti munthu aliyense wolemba ankawerama ngati akupepesa. M'mutu mwanga simunabwere mawu oti positi. Munangobwera mawu oti bolopeni. Ndinatulutsa kamera.

Dzanja linandigwira paphewa ndisanaibweze m'thumba. Anali anyamata awiri a chipani, aja ankayendayenda m'misika ndi m'masiteshoni kuyang'ana anthu.

“Iwe, ukopa chani muno?” anatero wamtaliyo. Ku Lusaka kujambula chithunzi amati kukopa.

“Bolopeni.”

“Bolopeni? Kunyumba kwanu kulibe bolopeni?”

Anthu a pamzere, amene mphindi yapitayo tinkadandaula nawo limodzi za kutentha, anayamba kufutukuka. Mayi wina anati ndinkaoneka kale wokayikitsa. Anandiyendetsa wapansi, wina atagwira lamba wanga kumbuyo, mpaka ku polisi.

Wapolisi wa pa kauntala anali munthu wonenepa wotopa, akudzipepeza ndi chipewa. Anayang'ana kamera yanga ya mphira ija, anandiyang'ana ine.

“Nchito yako ni chani?”

“Ndine wojambula, bwana. Mu situdiyo.”

“Manje mu positi muli situdiyo? Umakopa vinthu va bwanji iwe?”

Apa ndi pamene Chichewa cha amayi anga chinandipereka. Ndikanati ndimajambula zinthu za pa chingwe, mwina akanangonditukwana n'kundithamangitsa. Koma ndinayankha ndi mawu amene ndinkazitchulira mumtima mwanga. Ndinati, “Ndimajambula zomangidwa, bwana.”

Mawu amenewa ali ndi mitu yambiri. Ine ndinkanena zomangidwa ndi chingwe. Mnyamata wa chipani uja anamva zomangidwa ndi njerwa, anafuula kuti, “Mwamvela? Avomela yeka! Akopa manyumba ya boma!” Wapolisi anamva china choopsa kuposa pamenepo. Masiku amenewo kunali anthu ongotengedwa n'kusungidwa popanda mlandu, amene aliyense ankadziwa kuti aliko koma palibe ankawatchula pagulu. Anasiya kudzipepeza.

“Bomangiwa? Ubaziba kuti bomangiwa iwe? Nindani anakutuma?”

Ndinayesa kufotokoza za mbuzi, za kapu, za galu wa ku Kabulonga. Pamene ndinkafotokoza ndi pamene zinkaipiraipira, chifukwa ku Kabulonga ndi kumene kunkakhala nduna, ndipo anafuna kudziwa kuti galuyo ndi wa ndani. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma, inali itayandikira nthawi yanga yopalasa njinga. Ndinati, “Bwana, chonde, amayi anga ndawamanga kunyumba. Akudikira ine kuti ndikawamasule.”

“Wamanga bamai bako? Ndiwe kapokola iwe?” Ku Lusaka wapolisi amati kapokola. Onse anaseka, mpaka wapolisi wina anatuluka m'chipinda cha mkati kudzamva chimene chikuseketsa. “Manje naiwe wamangiwa. Uzikope weka.”

Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti munthu akamamangidwa amayamba amumasula. Anandivula lamba, anasolola zingwe za nsapato zanga, anandikhazika pa benchi kuseri kwa kauntala kudikira bwana wamkulu, amene anali kumsonkhano. Masana anakwana, anadutsa. Pa zenera laling'ono ndinaona mitambo ikuda kumbali ya Kabwata. Bingu linagunda, mvula inayamba kumenya malata mwamphamvu moti apolisi ankachita kufuula poyankhulana. Ndinkadziwa bwino kutalika kwa chingwe chija, kuti sichifika pakhonde. Ndinkadziwa kuti mnansi wathu masiku ena amachedwa kumsika. Ndinkadziwanso kuti wina akawamvera chisoni n'kuwamasula osawagwira, amayi alowa mumsewu mvula ili mkati, ndipo akapulumuka ku galimoto sapulumuka ku chipatala chija. Zonsezi ndinkazidziwa ngati mmene munthu amadziwira masamu. Chimene chinkandivuta m'mutu chinali choti mtedza unyowa.

Bwana wamkulu anafika mvula itachepa. Anamvetsera, anatembenuza kamera, anati filimu itsukidwe aone chimene chilimo. Kenako kunapezeka kuti mankhwala otsukira zithunzi kupolisiko anatha kalekale, monga mmene zinthu zonse zinathera. Anakambirana, ndipo nzeru imene anapeza inali yoti ndikatsuke ndekha umboni wonditsutsa, ku situdiyo kwathu, wapolisi akuyang'anira. Anandipatsa wapolisi wachikulire wa imvi m'mbali, wa chiyankhulo cha kumpoto. Ndinkayenda mokhwekhweretsa nsapato zopanda zingwe m'matope.

Mmwenye atationa tikulowa anakhala pansi osafuna. Ndinamuuza wapolisiyo kuti potulutsa filimu mu kamera pamafunika mdima weniweni, wopanda ngakhale kadontho ka kuwala. Anakayika, anayang'ana ngati chipindacho chili ndi khomo lina, kenako analowa nane n'kutseka. Nditazimitsa nyali ndinamva dzanja likugwira kunsi kwa malaya anga, kukulunga nsaluyo pa chala. Anandigwira choncho nthawi yonse imene ndinkagwira ntchito mumdimamo. Ndikasuntha kupita ku sinki, iye ankasuntha nane.

Filimu itauma ndinayatsa nyali yofiira, ndinayamba kusindikiza. Amene sanaonepo chithunzi chikutuluka pa pepala loyera m'madzi amadabwa, ndipo wapolisiyo anawerama pafupi mpaka mpweya wake unkandifika pakhutu. Inatuluka mbuzi. Inatuluka kapu. Anatuluka galu ndi kanjira kake. Bolopeni inatuluka yokhayokha, osaoneka khoma, chitseko kapena chizindikiro chilichonse cha positi. Wapolisiyo anatulutsa mpweya m'mphuno ngati akufuna kuseka. Kenako ndinaviika pepala lotsiriza, ndipo pang'onopang'ono kunabwera chidendene, kakolo, mfundo, makoko a mtedza.

Wapolisiyo anachiyang'anitsitsa chithunzicho. Anasiya malaya anga.

“Ni bamayo aba?”

“Inde.”

“Balwala mutu?”

“Inde.”

Analoza ndi chala pamene chingwe chinkatulukira m'mphepete mwa chithunzi. “Uku chamangiwa ku chani?”

Ndinati ku mtengo wa mango. Ndikunena choncho ndinayang'ana zithunzi zonse zili ndondondo pa thebulo, ndipo ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo ngakhale ndinazijambula ndine. Pa chilichonse chingwe chinkachoka pa chinthu chomangidwacho, kuyenda, n'kuthera m'mphepete mwa pepala. Chikhomo cha mbuzi panalibe, mpopi panalibe, mtengo panalibe. Nsonga inayo sindinaijambulepo n'kamodzi komwe.

Kupolisi bwana wamkulu anayala zithunzizo, anayang'ana mbuzi nthawi yaitali kuposa zina zonse, mwina pofuna kupezamo chinsinsi. Wapolisi wachikulire uja anamunong'oneza kanthu. Bwanayo anakankha zithunzizo, anati, “Uyu si kazitape, ni wofunta chabe. Mupaseni lamba yake ayende.” Filimu ndi zithunzi anasunga, kamera anandibwezera. Zingwe za nsapato anaziponya pa kauntala, ndinangoziika m'thumba.

Ndinakatenga njinga ku situdiyo dzuwa likulowa. Anthu amayembekezera kuti ndinene kuti ndinapalasa ngati wamisala. Ayi, ndinapalasa monga mwa masiku onse, kuzemba zithaphwi, kuima pamene pamafunika kuima. Misewu inali yodzaza madzi ofiira, ana akuthamangitsa inswa pansi pa magetsi. Nditafika ndinatsamiritsa njinga kukhoma, ndinazungulira kuseri.

Mphasa inali itamira m'matope. Lichero linali chafufumimba, mtedza uli mbwee. Pa mtengo panalibe chingwe, panangotsala mzere woyera pa khungwa pamene chinkakhula. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana mzerewo. Sindikudziwa kuti ndikanaima mpaka liti mnansi uja akanapanda kundiitana pa mpanda.

“Ba neba! Mwenze kuti imwe? Bwelani kuno, bali kwanga.”

Anali atanyowa, duku lili pambali, pa mkono pali zokanda zatsopano. Anandiimika pakhomo pake kuti andiuze kaye. Anati anabwera kuchokera kumsika mvula ili pakati, anapeza amayi atakhala pamphasa madzi akuwayenda m'khosi, osasuntha, atagwira chingwe ndi manja awiri. Mfundo ya pakakolo inali itafufuma ndi madzi, inakana, choncho anamasula ya kumtengo n'kuwalowetsa m'nyumba mwake chingwe chikukhwekhwereka pambuyo. Anawavula zonyowa, anawafunditsa bulangeti. Zonse zinali bwino mpaka pamene amayi anakoka chingwe chija pang'ono, monga ankachitira nthawi zonse. Chinabwera chopepuka. Anakoka, anakoka, mpaka nsonga inafika m'manja mwawo yopanda kanthu.

“Ba neba, sininamvelepo munthu kulila so,” anatero. “Bati mwana wanga wamasuka, mwana wanga ali kumusebo, malole! Bathamangila ku geti. Nabagwila, banikwalaula, naitana bamai ba pa kona, tabagwila babili. Kufuma paja bakali kulila mwana. Nabauza ati mwana wanu ni mukulu, ali ku nchito, sibamvela.” Anapukuta kumaso ndi chitenje. “Osabauza ba sisi banu ba ku Chelstone. Sibanasobe. Ine nizakamba ati sibanasobe.”

Ndinalowa. Amayi anali pansi pakona, pafupi ndi thumba la kapenta, atafunda bulangeti la eni ake. Mawu anali atawathera, ankangotulutsa kamphepo kokhala ngati kulira kwa chitseko. Chingwe chonse chinali chounjikana pamiyendo pawo, nsonga yopanda kanthu ija ataikulunga m'dzanja. Ndinakonzeka kumva zija za masiku onse, takulandirani bambo. Ndinagwada kuti ndiyambe kulimbana ndi mfundo ya pakakolo.

Anadzutsa mutu. Anandiyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka ku nsapato zanga zoyasama zodzaza matope. Nkhope yawo inasintha, inakhala ija ndinkaithawa ndili mwana ndikaswa mbale.

“Iwe!” Mawuwo anatuluka osasa, koma anali awo enieni. “Iwe, unali kuti? Ukufuna lole ikuponde? Ukufuna kundipha ine?”

Anandimenya khofi pa msongolo, lopanda mphamvu. Anandimenyanso.

“Khala pansi. Bweretsa mwendo.”

Ndinakhala pansi pa simenti ya eni ake, bambo wandevu, ndinatambasula mwendo. Anakweza buluku langa, anazunguliza chingwe chonyowacho pa kakolo panga, zala zikudziwa njira yake. Anamanga mfundo, anaikoka ndi mano kuti ilimbe. Miyezi yonse ija ine ndinkati ndikumangirira amayi ku mtengo, pamene iwo pamphasa paja ankadziwa kuti chikhomo ndi iwowo, ndipo kunsonga inayo kuli kamwana kawo kosamva, kamene kakangomasuka kathamangira kumsewu. Anakhala pamvula osasuntha chifukwa akanasuntha akanandikoka.

Atatha kumanga analowetsa zala ziwiri pakati pa chingwe ndi khungu langa, kuona ngati sichikuthina.

Munthu amene anakhalirapo mwendo mpaka kuchita dzanzi amadziwa kuti dzanzilo silipweteka, chopweteka ndi pamene magazi ayamba kubwerera. Zinandiyamba pachifuwa, ndipo ndinalira mokweza, kukamwa kuli yasa, m'nyumba ya munthu wina, chitseko chili chotsegula. Ndinawamvera chisoni amayi anga, ndinadzimvera chisoni ndekha, ndinawafuna ngakhale anali pomwepo. Iwo sanadabwe, mwana akamenyedwa amalira. Anakoka chingwe pang'ono, chinalimba, anatsamira khoma n'kutseka maso.

Mnansi wathu anationa tili choncho, wina kuno wina uko, chingwe chili pakati. Anakoleza mbaula n'kuikapo madzi a tiyi, chifukwa zinaonekeratu kuti sitichoka msanga.